Miyala Yopenta Kuseri kwa Amasitande

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapatsidwa ntchito yoyamba imene sindinanenerere malipiro ake: kupenta miyala yoika m'dimba la Amayi. Ndi ntchito yomweyo imene inatsala pang'ono kutichotsetsa pamalo pamene tinkakhala, ngakhale kuti, kunena zoona, miyalayo inalibe mlandu.

Tinkakhala ku Atteridgeville, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire wa Chipedi. Ana a mumsewu wathu ankawatchula kuti Koko, kutanthauza agogo, koma ife tinkati Amasitande, monga mmene anthu ochita lendi kuno ku Joni amatchulira mwini malo. Kachipindako kanali ka njerwa, denga la malata, zenera limodzi, koma kanali ndi chinthu chimene zipinda zambiri za kuseri zilibe: kachigawo ka dothi lofiira pakati pa khomo lathu ndi mpanda wa waya. Amasitande anatilola kulima theka. Theka linalo munali sipinachi wawo.

Makolo anga anachokera ku Ntcheu. Abambo ankagwira maganyu m'magadeni a azungu kum'mawa kwa mzinda, lero nyumba iyi, mawa ina. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba yogonera komweko. Ankabwera Loweruka masana n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Sabata yonse kadimba kaja kankatsala m'manja mwa ife amuna awiri, ndipo apa ndi pamene panayambira nkhani ya miyala.

Mbewu za Amayi zinkabwera pa basi kuchokera kumudzi, zomangidwa m'tizisanza: nthanga za maungu, bonongwe, luni, therere, khobwe, tsabola wa kambuzi. Sizinali za m'mapaketi okhala ndi chithunzi. Ankafesa Lamlungu tikachoka kutchalitchi, akung'ung'udza nyimbo, osauza munthu kuti apa pagona chiyani. Ndiye Lachitatu lina Abambo, munthu wosatha kuona dothi litangokhala, anapeza mzere wosalazidwa bwino, anatenga foloko ya m'dimba n'kuutembenuza wonse, n'kuwokamo anyezi. Pansi pa anyeziwo panali luni wa Amayi, mbewu yomaliza imene azakhali anatumiza.

Loweruka Amayi anaima pamzere uja nthawi yaitali, chikwama chidakali paphewa.

"Bambo a Limbani, azungu aja amakulembani ntchito yofukula zimene adzala?"

"Kwa azungu amalemba, aNangozo," Abambo anadziteteza choncho. "Mzere uliwonse uli ndi mwala wake wopenta. Munthu umadziwa kuti apa pali kale mwini."

"Ndiye lembani. Mwana wanuyu kusukulu akupitiranji?"

Limbani ndine, ndipo ntchito inandigwera choncho. Ndinaikonda kuposa mmene ndinkaonetsera. Miyala tinakatola ndi Abambo kukhwawa lina kunja kwa lokeshoni. Ankasankha yosalala mbali imodzi, yaikulu ngati chikhatho chawo, yolemera moti mvula ya matalala ya kuno singaigubuduze. Tinaitsuka m'beseni ndi sopo ndi mswachi wakale, chifukwa penti sagwira pafumbi, n'kuiyanika padenga tsiku lathunthu mpaka inkatentha m'manja ngati mbatata yootcha. Penti anabwera naye m'timabotolo ta jamu: woyera wotsala pakhoma la bwana wina, wobiriwira wa denga, wofiira wa geti. Burashi yaing'ono ndinaipeza ndekha. Ndinasinthanitsa ndi mnzanga wa m'kalasi, kumupatsa tayala limodzi la galimoto yanga ya mawaya nditamutsimikizira kuti ndi tayala la ku Malawi, silitha. Matenda onenererawa ndinabadwa nawo. Amayi amati ndili khanda ndinkayamwa bere limodzi diso lili pa linalo, kuona ngati kuli basela.

Abambo anandiphunzitsa ndondomeko yake monga anaionera kuntchito. Poyamba penti woyera, n'kudikira aume, osamugwiragwira. Kenako chithunzi cha mbewu, pansi pake dzina. Pomaliza vanishi, kuti dzuwa ndi madzi zisafufute. Fungo la vanishi uja limandibwererabe mpaka lero ndikadutsa pamene akupanga mipando.

Kulemba ndinkatha. Kujambula ayi. Therere langa linatuluka ngati nyanga ya mbuzi. Tsabola anali ngati dzino lozulidwa ndi magazi ake omwe. Koma choopsa kwambiri chinali dzungu. Linafanana ndi mutu wa munthu wometa mpala, ndipo timadontho tiwiri ta penti wofiira tinadonthera pamalo penipeni pamene pakanakhala maso. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, komabe anaitenga yonse isanu ndi iwiri, n'kuika uliwonse kumutu kwa mzere wake, akuutsendereza ndi chidendene.

Mvula itabwera, kadimba kaja kanachita bwino zedi. Nkhwani unakwera mpanda. M'mawa ndisanapite kusukulu ndinkathirira ndi chitini chobooledwa ndi msomali, ndikuwerenga mayina amene ndinalemba ndekha, ndipo Abambo sanafukulenso cha munthu. Lamlungu anthu akwathu ochokera m'misewu ina ankabwera kudzangoima pamenepo, kununkhiza tsamba la bonongwe pakati pa zala, n'kumapita ndi kamtolo. Inali nyengo yabwino, ndipo ndikaikumbuka mtima umakhala pansi.

Vuto linabwera ndi tomato. Atayamba kufiira, ana a mumsewu anazindikira kuti dzanja la mwana limalowa bwinobwino m'maso a waya. Mtsogoleri wawo sankafunika n'komwe kupisa dzanja pampanda, chifukwa ankakhala m'bwalo momwemo: Refilwe, mdzukulu wa Amasitande, wa zaka zisanu ndi zinayi, mnzanga wosewera naye komanso mdani wanga. Ankadya tomato ndi mchere ngati mango aawisi. Mlonda ndinali ine, ndipo madzulo Abambo ankayang'ana mitengo ya tomato, kenako n'kuyang'ana ine. Kuyang'ana kumeneko kunkandiwawa kuposa mbama.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza anayi, Refilwe tsaya lili tuu ndi tomato. Sanathawe. Analoza mwala wa dzungu ndi chala chakuphazi.

"Chinthu ichi n'chiyani? Chimangotiyang'ana."

Mwana wabwino akanayankha kuti ndi dzungu lolephereka. Koma ine ndinaona mmene anauyang'anira mwalawo kawiri, ndipo wamalonda aliyense amadziwa kuti kasitomala akayang'ana katundu kawiri, mtengo wakwera. Ndinatsitsa mawu, n'kulankhula Chipedi changa cha mumsewu pang'onopang'ono.

"Simukudziwa kumene timachokera? Dimba ili ndi lotsirika. Miyala iyi anaiphika agogo anga ku Malawi. Uwu umaona. Uwo wa nyangawo umabaya. Aliyense woba pano, masaya ake amatupa ngati chule."

Ndinafufumitsa masaya kuti aone chitsanzo. Za masayazo sindinaziganizire n'komwe. Ndinangotengera tsaya lake lodzaza lija. Refilwe analavula tomato yense pansi.

Malonda amenewo sanandivute m'pang'ono pomwe, ndipo ndinkaganiza kuti ndi luso langa. Sindinadziwe kuti msika unali wokonzeka kale. M'matakisi anthu ankanena kale kuti Amalawi ali ndi mankhwala oopsa, ndipo pamapolo a magetsi m'tauni pankamatidwa timapepala ta asing'anga odzitcha a kwathu. Ine ndinangothira mchere m'ndiwo zophikaphika.

Kuba kunatha tsiku lomwelo. Kwa masabata awiri ndinali mfumu. Kumpira ankandisiyira mapenate onse. Abambo ankayang'ana tomato wofiira psuu mpaka pansi, n'kundisisita pamutu.

Kenako Refilwe anadzuka masaya atatupa.

Linali Loweruka, dzuwa lisanalowe, Amayi atangofika. Amasitande anaima pakhomo pathu, kumbuyo kwawo kuli Refilwe atamangidwa kansalu kuchokera kuchibwano mpaka pamutu. Chingerezi ankachidziwa, koma akakwiya ankalankhula Chipedi chokha, ndipo womasulira wa banja lathu ndinali ine. Analankhula nthawi yaitali. Anati anatilandira ngati anthu, sanatifunse zambiri, anatipatsa ngakhale dothi. Anati mnyamata wanu wanena ndi pakamwa pake kuti miyala iyi ndi mankhwala, ndipo onani mwana wanga. Anati mwezi ukatha chipinda chawo akuchifuna.

"Akuti chiyani?" Abambo anafunsa.

"Akuti Refilwe sakupeza bwino," ndinayankha. "Komanso akuti dimba likuoneka bwino."

"Mawu onse aja?" anatero Amayi.

"Chipedi n'chachitali, Amayi."

Koma nthawi yomweyo Amasitande analoza mwala wa dzungu, analoza ine, kenako anafufumitsa masaya awo ndendende mmene ndinachitira ine. Pamenepo sipanafunike womasulira.

"Limbani," Amayi anatero mwakachetechete, "yambiranso. Ukasiya liwu limodzi, ndikaitana mayi wa pasitolo wodziwa Chipedi uja adzamasulire, ndiye udzaumva mlanduwu kawiri."

Ndinamasulira zonse. Pamlandu umodzi ndinali woimbidwa mlandu, mboni, ndi womasulira.

Amasitande atachoka, Abambo anakhala pabedi, chipewa cha kuntchito chili pamaondo. Sanakalipe. Anangoti chipinda china chingapezeke, koma mbiri imafika msanga kuposa mwini wake, ndipo palibe angatsegulire khomo banja lothamangitsidwa chifukwa cha ufiti. "Kuno mawu amenewa amawotchetsa nyumba, mwana wanga," anatero. Kenako anaimirira kuti akatole miyala yonse akaitaye kukhwawa kumene inachokera.

"Ayi," Amayi anawaletsa. "Mukaitaya mwavomera. Ndani amataya mwala wamba mozemba? Ikhale pomwepo, aliyense aziiona dzuwa likuswa mtengo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Wagulitsa ndiwe. Pita ukaombole."

Chilango changa chinali chimenecho. Sanandimenye, ndipo masiku otsatirawo ndinalakalaka akanangondimenya. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkayenda khomo ndi khomo mumsewu wathu, kuuza ana ndi makolo awo kuti ndinanama. Ine amene ndinagulitsa bodza m'mphindi zochepa, choonadi chinandikanika kwa masabata awiri ngakhale ndinkachipereka chaulere. Ndinanyambita mwala wa nyanga ana onse akuona. Wina anati, "Iwe ndiwe mwini wake, sungakulume." Ndinawatengera tomato m'mbale, anabisa manja kumbuyo. Mayi wina ananditsekera geti ndisanamalize moni.

Kwa Amasitande ndinapita ndi luso langa lonse. Ndinawapeza atagwada pakhonde akupaka polishi wofiira. Ndinawakumbutsa kuti kuchipatala kumene anapita ndi Refilwe anesi ananena kuti ndi matsagwidi, matenda a ana wamba.

"Anesi anena dzina la matenda," anayankha osatukula mutu. "Sananene amene wawatumiza."

Ndinatsitsa mtengo. Ndinati ndiziwapakira khondelo mwezi wonse. Anangopitiriza kupaka. Ndinati miyezi itatu, kuphatikizapo kuthirira sipinachi. Ndinawonjezera basela: kutaya zinyalala. Apo anaima, anandiyang'ana, nsanza ili m'manja.

"Mwana iwe, ine sindikugulitsa kanthu."

Sindinakumanepo ndi munthu wotero. Ndinaima pamenepo ngati wafika pamsika tsiku lolakwika.

Abambo anayamba kubwera ndi makatoni opanda kanthu ochokera kusitolo, n'kumawaunjika kuseri kwa chitseko. Koma Lamlungu lotsatira Amayi anasalaza mzere umene tinazulamo anyezi, n'kufesamo mpiru, akung'ung'udza nyimbo yawo ngati kale. Atamaliza anandipatsa mwala watsopano kuti ndiutsuke, ndiupente poyera pafupi ndi mpopi, pamene aliyense wa m'bwalomo amadutsa.

"Koma Amayi, tikusamuka."

"Mpiru sukudziwa zimenezo. Penta."

Kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe, ndinadzuka nsagwada zikuwawa ngati wina wazimanga ndi waya. Ndinayesa kuyasamula, zinakana. Ndinatenga kagalasi kometera ka Abambo, ndipo amene anandiyang'ana mmenemo sindinamudziwe. Refilwe anatupa kwambiri mbali imodzi. Ine ndinatupa zonse ziwiri, mpaka makutu anaimirira. Ngakhale pamatenda ndinalandira basela.

Abambo anandimanga kansalu, anandimwetsa mapiritsi, n'kupita kuganyu, chifukwa udzu wa azungu sudikira matsagwidi. Dzuwa litakwera ndinatuluka n'kukhala pafupi ndi mpopi, ndi timabotolo tanga ta penti, kuti ndimalize mwala wa mpiru. Panalibe china chochita.

Amasitande anatuluka ndi beseni la zovala zoti ayanike. Masiku onsewo ankadutsa osayang'ana kumbali yathu. Tsikulo anayang'ana. Anaima. Anaona nkhope yanga, anaona mwala wa dzungu, anaonanso nkhope yanga. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anatula beseni pansi, anakhala pa ndowa yovundikira, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Refilwe! Refilwe, thamanga udzaone sing'anga wamkulu wa ku Malawi!"

Refilwe, amene anali atachira kalekale, anabwera akutafuna buledi, ndipo nayenso anagwa nako kuseka.

"Nanga iwe waba tomato wa amako?" Amasitande anandifunsa.

Mayankho ndinali nawo atatu, onse abwino, koma pakamwa sipanatseguke. Ndinangopukusa mutu, nakonso kunawawa. Ndiye ndinaweramira pamwala wanga n'kupitiriza. Iwo sanachoke. Anakhala pandowa paja akuonerera ndikuviika burashi m'botolo la jamu, ndikujambula tsamba lobiriwira limene linkafanana kwambiri ndi khutu la njovu, ndikulemba zilembo chimodzichimodzi lilime lili phee m'kamwa. Anaona zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda mawu anga okometsera.

Kenako anadzuka, anapita kumzere wa maungu, anawerama, n'kutola mwala uja ndi dzanja lawo. Anautembenuza. Pansi pake panali dothi lonyowa ndi kanyongolotsi. Anaununkhiza, anaukanda ndi chikhadabo.

"Uyu ndi penti wa geti," anatero. "Ndiye chimenechi unkati ukujambula chiyani?"

Ndinaloza dzungu laling'ono limene linali lendee pampanda. Anayang'ana dzungulo, anayang'ana mwala.

"Eish! Mwana iwe, bodza ndi tchimo, koma tchimo lako lalikulu ndi kujambula."

Anaubwezera pamalo pake, n'kuutsendereza ndi silipasi. Masana ananditumizira phala lamadzimadzi ndi kansalu kofunda koika pamasaya. Madzulo Amasitande anadikira Abambo pageti n'kuwauza m'Chingerezi, popanda womasulira, kuti makatoni aja abwerere kusitolo. Anaikapo lamulo limodzi lokha: sipinachi wawo nayenso akufuna mwala, koma wojambula akhale Refilwe, ine ndizingolemba dzina. Loweruka Amayi anamva nkhaniyo. Anapita kukaona mpiru wawo, umene unali utamera kale, n'kundiuza kuti ndikuthirira mopitirira.

M'kachipinda kaja tinakhalamo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Pamene tinkasamuka, mbali zonse ziwiri za dimba zinali ndi miyala, ndipo yokongola yonse inali ya Refilwe.

Ndikukhulupirira tsopano kuti Amasitande ankafuna kale potsikira. Ana ena awiri a mumsewu, amene sanayandikirepo mpanda wathu, anali atatupanso, ndipo Amasitande sakanalephera kumva. Anaonanso kuti miyala sinasunthe, ndi kuti mayi wothamangitsidwa akufesabe mbewu m'dothi la eni. Koma sakanatsikira pa mawu anga, chifukwa mawu anga ndi amene anawakweza.

Lero ndimagulitsa mabulangete ndi mapoto kumsika wa ku Marabastad, ndipo sindinganame kuti ndinasanduka mngelo. Pa bulangete limodzi ndimalumbira katatu kuti uwu ndi mtengo womaliza, ndipo kasitomala amadziwa, nanenso ndimadziwa, tonse timaseka. Bodza lotero limathera pabulangete pomwepo. Chimene ndinachita kuseri kwa Amasitande chinali china. Ndinaika pamsika katundu amene sanali wanga: dzina la Abambo, la Amayi, ndi la aliyense wochokera kwathu amene amagogoda pageti la eni kufunsa chipinda. Ndinaligulitsa kuti ndipulumutse tomato wa mbale imodzi, ndipo nditafuna kuliombola ndinapeza kuti mantha ndi katundu wosabwezedwa. Mpaka pano, anzanga akamanditama kuti Limbani angagulitse bulangete mu Disembala, ndimavomera ndithu, koma mumtima ndimadziwa kuti ntchito yaikulu imene pakamwa panga panagwirira banja lathu inali tsiku limene panakana kutseguka.